Phunziro la Sayansi: Lezala Lopendekeka ndi Kametedwe Kake



Teremu yathayi mnyamata wina wa Fomu 3 anabwera ku labu kudzabwereka pulayazi. M'thumba anatulutsa chometera chachitsulo chimene bambo ake anabwera nacho kuchokera ku Johannesburg. "Aphunzitsi," anatero, "mutu wake ndi wokhota. Mwina chinaphinjika m'chikwama ali pa basi. Ndimafuna ndichiwongole asanaone." Nditachitembenuza kawiri katatu ndinaona kuti panalibe chophinjika. Amene anachipanga anachikhotetsa dala. Akuluakulu anati safunsa anadya phula: mnyamatayo akanangotenga pulayazi mwakachetechete akanawononga katundu wabwinobwino wa bambo ake.

Koma funso lake linatsala. N'chifukwa chiyani fakitale ingapange chometera chokhota mutu? Ogulitsa amanena kuti chimameta mosalala kuposa chowongoka. Kodi n'zoona? Kuti tiyankhe tifunika fizikisi, masamu a ngodya amene a Fomu 3 ndi 4 akulimbana nawo, bayoloje ya khungu, ndiponso zimene Chisilamu chimatiphunzitsa pa ukhondo wa thupi.

Chometera chimene tikunena

Sitikunena mashini amagetsi a kumalo ometera, kapena tizometera tapulasitiki totaya tikatha. Tikunena chometera chachitsulo chimene mumaikamo lezala lomwe lija lakuthwa mbali zonse ziwiri, limene timagula pa okala. Chili ndi zigawo zitatu: chogwirira, kambale kapansi pamene lezala limagona, ndi chivindikiro chimene chimalipana pamwamba n'kulipinda pang'ono. M'mphepete mwa kambale kapansi muli kamtanda kamene kamatsogola pakhungu, kuti lezala lisalowe mozama. Kamtandako ndi kamene kamasiyanitsa chometerachi ndi lumo lapoyera.

Pa chometera wamba, kukamwa kwa lezala kumapanga ngodya ya madigiri 90 ndi chogwirira, ngati chilembo cha T. Mukachikoka chotsika, lezala limakumana ndi tsitsi maso ndi maso. Pa chometera chopendekeka, chimene pa Chingerezi amachitcha slant razor, mbali imodzi ya lezala imakhala yotsika kuposa inzake. Dzanja likamatsika mowongoka, lezala limafika pa tsitsi chammbali.

Zopendekekazi zilipo za mitundu iwiri. Zina anangotenga mutu wonse n'kuupendeketsa pa chogwirira. Zina anapotoza mutuwo, moti mukamanga chivindikiro lezala nalo limapotoka, monga mmene mungapotozere rula yapulasitiki mutaigwira nsonga zonse ziwiri. Cha mnyamata uja chinali cha mtundu wachiwiriwu.

Mbiri yake mwachidule

Kwa zaka zambirimbiri anthu ankameta ndi lumo lapoyera, ndipo ngozi zinali zosasowa. M'chaka cha 1762 wosula mipeni wa ku France, Jean-Jacques Perret, anaika kathabwa kotchinga pa lumo. Mu 1880 abale a banja la Kampfe ku New York analembetsa chometera chokhala ndi chotchinga, koma chitsulo chake chinali chochindikala ndipo chinkafunika kunola kawirikawiri.

Amene anasintha zinthu anali King Camp Gillette, wamalonda wa ku America. Iye anaganiza zopanga lezala lopyapyala, lotsika mtengo, loti likabuntha ungolitaya. Katswiri wa makina William Nickerson ndi amene anapeza njira yolimbitsira ndi kunolera chitsulo chopyapyala chotero. Mu 1903 kampani yawo inagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 okha. Boma la America linavomereza umwini wa luso lake mu 1904, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a dzikolo anapatsidwa zometerazi, n'kubwerera nazo kwawo atazizolowera. Mu 1962 kampani ya Wilkinson Sword ya ku Britain inatulutsa malezala a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo lezala limodzi linayamba kumeta kangapo lisanathe.

Zopendekeka zinatchuka kwambiri ku Germany. Pofika zaka za m'ma 1930 makampani angapo kumeneko ankazipanga, zina za pulasitiki yolimba yotchedwa Bakelite. Mpaka lero kampani ya Merkur, ya mu mzinda wa Solingen umene umadziwika ndi kusula mipeni ndi masizasi, ikupangabe chopendekeka chotchedwa 37C.

Chifukwa chake lezala limadula

M'kalasi tinaphunzira kuti pressure ndi mphamvu kugawa ndi kukula kwa malo amene mphamvuyo ikugwirapo: P = F ÷ A. Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza.

Tengani mphamvu ya 0.05 N. Imeneyi ndi yofanana ndi kulemera kwa magalamu 5, pafupifupi pepala limodzi la A4. Mukaiika pa nsonga ya chala ya 1 cm², yomwe ndi 0.0001 m², mupeza 500 Pa. Simungamve n'komwe. Tsopano ikani mphamvu yomweyo kukamwa kwa lezala. Tsitsi limodzi la ndevu ndi lonenepa pafupifupi 0.1 mm. Tiyerekeze kuti kukamwa kwa lezala n'kopyapyala 0.001 mm. Malo okhudzana ndi 0.1 × 0.001, kutanthauza 0.0001 mm², kapena 0.0000000001 m². Mukagawa mupeza 500,000,000 Pa. Mphamvu sinasinthe, koma pressure yakwera kuwirikiza ka 1,000,000. Kunola mpeni sikuwonjezera mphamvu ya dzanja, kumachepetsa malo amene mphamvuyo ikugwera.

Tsitsi si chinthu chofooka monga timaganizira. Ndi lopangidwa ndi keratin, puloteni yomwenso imapanga zikhadabo ndi nyanga. Mu 2020 akatswiri a pa yunivesite ya MIT ku America, Gianluca Roscioli ndi Cem Tasan pamodzi ndi mnzawo, anafalitsa kafukufuku wawo mu magazini ya Science. Atayang'ana malezala ndi maikulosikopu yamphamvu, anapeza kuti lezala silimangotha pang'onopang'ono ngati sopo. Tsitsi, ngakhale ndi lofewa kwambiri poyerekeza ndi chitsulo, limabenthula tizidutswa kukamwa kwa lezala, makamaka likapindika pamene likudulidwa. Lezala lobenthuka limakoka tsitsi m'malo molidula, n'chifukwa chake kumeta ndi lezala lakale kumawawa.

Kukankha ndi kucheka

Mayi aliyense amadziwa kuti tomato wakupsa sadulidwa pokanikiza mpeni. Mukakanikiza amaphwanyika, madzi n'kutayikira pa thebulo. Mukayendetsa mpeni chocheka, umalowa mosavuta. Wozinga mbuzi wodziwa ntchito yake amachita chimodzimodzi: amanola mpeni, monga anatilamulira Mtumiki (SAW) kuti chinyama chisazunzike, kenako amauyendetsa chocheka, osati kuukanikiza. Kalipentala akakumana ndi thabwa la mfundo amapendeketsa chopalira chake. Chodulira mapepala cha mu ofesi ya sukulu nachonso chimatsika mopendekeka, kuyambira mbali imodzi kupita inzake.

Pulofesa Tony Atkins wa pa yunivesite ya Reading ku England anafufuza kwa zaka zambiri za kudula zinthu. Anaonetsa kuti mpeni ukamayenda chammbali pamene ukulowa, mphamvu yofunika kuukankhira mkati imachepa. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a chometera chopendekeka.

Vuto ndi lakuti lezala simungaliyendetse chocheka pakhungu monga pa tomato. Mukatero mudzicheka nthawi yomweyo. Opanga chopendekeka anafuna kuti dzanja lizitsika mowongoka, koma lezala lizicheka pang'ono palokha chifukwa cha mmene lakhalira.

Masamu a kupendekeka

Tiyeni tione kuti kuchekako n'kochuluka bwanji. Zometera zimenezi zimapendekeka madigiri ochepa chabe. Tiyerekeze madigiri 10, ndipo dzanja latsika 10 mm. Ulendo umenewu tiugawe pawiri. Gawo lolunjika kukamwa kwa lezala ndi 10 × cos 10°, kutanthauza 9.8 mm. Gawo lotsata m'litali mwa lezala, limene ndilo kucheka, ndi 10 × sin 10°, kutanthauza 1.7 mm. Pa chometera chowongoka gawo lachiwirili ndi ziro. Choncho kucheka kulipo ndithu, koma n'kochepa poyerekeza ndi kukankha.

Pali mfundo yachiwiri. Ganizirani wa kabaza amene wakumana ndi chikweza. Akafuna kuchikwera osatsika pa njinga, amayenda mokhotakhota, uku ndi uku. Msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti ndi msewu wokwera phiri la Zomba anaumanga pa nzeru yomweyo. Phiri silinafupike, koma ulendo watalika, ndiye chikweza chimamveka chochepa. Ngati polunjika mumakwera mita 1 pa mamita 4 alionse, mukapendeketsa njira yanu madigiri 60 mudzakwera mita yomweyo pa mamita 8, chifukwa cos 60° ndi 0.5.

Kukamwa kwa lezala nako ndi kachikweza kamene tsitsi limayenera kukwera pamene likugawanika. Likafika chammbali limakaona kachikwezako ngati kochepa, ndiye kuti lezala limakhala ngati lathwa kuposa mmene lilili. Tikachitenga ngati chizulo cha kalipentala, chosongoka mbali imodzi, lamulo lake ndi ili: tan ya ngodya yatsopano = tan ya ngodya yeniyeni × cos ya kupendekeka.

Tiyerekeze kuti ngodya yeniyeni ndi madigiri 16, amene tan yake ndi 0.287. Tikapendeketsa madigiri 45, ngodya imatsika kufika pa 11.5. Tikapendeketsa madigiri 30, imafika pa 13.9. Koma tikapendeketsa madigiri 10 okha, imangochoka pa 16 kufika pa 15.8. Kusiyana kwake sikukwana ngakhale theka la digiri.

Apa ndi pamene masamu amatithandiza kuyesa mawu a otsatsa malonda. Kalipentala amene wapendeketsa chopalira madigiri 45 amapindula kwambiri. Chometera chopendekeka madigiri ochepa chimapindula pang'ono pa mfundo imeneyi. Amene angakuuzeni kuti kupendekeka kokhako kumathwetsa lezala kawiri, mupempheni akulembereni masamu ake.

Phindu la kupotoza

Mfundo yachitatu ikukhudza zopotoza zija. Lezala ndi lopyapyala pafupifupi 0.1 mm, ngati tsitsi limene likudulalo. Chitsulo chopyapyala chotero chimanjenjemera chikakumana ndi tsitsi lolimba, ndipo chikamanjenjemera chimadumpha tsitsi lina n'kukanda khungu. Tengani pepala, muligwire kunsonga: limagwa. Lipindeni pang'ono ngati ngalande: limaima chilili. Malata a padenga ali ndi mizere pa chifukwa chomwecho. Chometera chilichonse chimapinda lezala kuti lilimbe, ndipo chopotoza chimawonjezera kulikunga. Lezala lokungika limadutsa m'tsitsi lokhuthala mosagwedezeka.

Tikaphatikiza zitatuzi, kucheka pang'ono, kuthwa pang'ono ndi kulimba, tikumvetsa chifukwa chake anthu a tsitsi lolimba amachikonda: chimadula mosakoka kwambiri, ndipo sipafunika kubwereza kambirimbiri pamalo amodzi.

Nanga chimameta mpaka pati?

Tisiyanitse zinthu ziwiri: kudula mosavuta ndi kudula pafupi ndi khungu. Kupendekeka kumathandiza choyambacho. Chachiwiri chimadalira zinthu zina zimene zili pa chometera chilichonse, chowongoka kapena chokhota.

Choyamba ndi mpata wa pakati pa lezala ndi kamtanda kotchinga. Khungu ndi lofewa, ndiye limatukumukira mu mpatawo. Mpata ukakula, khungu lambiri limalowamo, lezala limadula pafupi, komanso ngozi yodzicheka imakula.

Chachiwiri ndi kutulukira kwa lezala. Yerekezani kuti mwagoneka rula kuchokera pa chivindikiro kufika pa kamtanda. Lezala likatulukira kupyola mzere umenewo, chometeracho n'chaukali. Likabisala mkati mwa mzerewo, n'chofatsa.

Chachitatu ndi ngodya ya pakati pa lezala ndi khungu, imene iyenera kukhala pafupifupi madigiri 30. Ikakula kwambiri lezala limapala khungu ngati khasu. Ikachepa kwambiri limangodutsa pamwamba pa tsitsi.

Chachinayi ndi madzi. Keratin amamwa madzi n'kufewa. Tsitsi limene lanyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi ziwiri kapena zitatu limadulika ndi mphamvu yochepa kwambiri kuposa louma. Beseni la madzi ofunda ndi sopo zimasintha kametedwe kuposa kugula chometera chodula.

Chachisanu ndi kumene mukulowera. Kumeta motsata kumene tsitsi lagonera kumasiya kachitsa katali pang'ono. Kumeta molimbana nalo kumalidzutsa n'kulidula pafupi kwambiri.

Yankho la funso la mnyamata uja ndi ili: lezala limodzi, likhale lopendekeka kapena ayi, limadula tsitsi pafupi ndi pamwamba pa khungu. Chopendekeka chimafika pamenepo msanga ndi mosakoka, makamaka pa tsitsi lolimba. Sichidula mozama chifukwa chakuti n'chopendekeka. Zimene zinapangidwira kudula mozama ndi za malezala angapo. Mu 1971 Gillette inatulutsa Trac II ya malezala awiri: loyamba limakoka tsitsi pang'ono, lachiwiri n'kulidula lisanabwerere, ndipo chitsa chimatsalira pansi pa khungu. Kenako panabwera za malezala atatu mu 1998 ndi za asanu mu 2006.

Kusalala kwambiri kuli ndi mtengo wake

Apa pali mfundo yotikhudza ife mwachindunji. Tsitsi la ambiri a ife ndi lopotana. Likadulidwa limatsala ndi nsonga yakuthwa, ndipo likamakula limapindika n'kubaya khungu, kapena limakulira mkati osatuluka n'komwe. Thupi limaliona ngati minga, ndiye pamatuluka tiziphuphu toyabwa, nthawi zina ta mafinya. Madokotala amatcha vutoli pseudofolliculitis barbae. Likapitirira limasiya mawanga akuda, ndipo kwa ena zipsera zotupa zimene sizitha msanga. Limachitika pakhosi, m'masaya, m'khwapa ndi pachinena, ndipo kumeta mopala kumathanso kuyambitsa zotupa kunkhongo.

Kudula mozama ndi kumene kumakulitsa vutoli. N'chifukwa chake madokotala a khungu amalangiza anthu a tsitsi lopotana kuti azimeta motsata kumene tsitsi lagonera, asamakoke khungu pometa, asamabwereze pamalo amodzi, ndipo amene akuvutika kwambiri azigwiritsa ntchito mashini osiya kachitsa ka pafupifupi 1 mm. Ziphuphu zikatuluka, lekani kumeta pamalopo mpaka zipole. Zikachita mafinya kapena kutupa, pitani kuchipatala. Musazifinye, ndipo musapakepo mankhwala otsukira, mafuta a galimoto kapena china chilichonse chimene mnzanu wakuuzani ku hositelo.

Ganiziraninso izi. Tsitsi limakula pafupifupi 1 cm pa mwezi, kutanthauza pafupifupi 0.3 mm pa tsiku. Kusalala kowonjezera kumene munthu amakuvutikira pobwereza kachitatu kumakhala kutatha pofika mawa lake. Chipsera chimene angapeze chimakhala zaka.

Pali bodza lina lofala pakati pa anyamata, lakuti ukamameta kawirikawiri ndevu zimamera msanga ndi zokhuthala. Katswiri wa thupi la munthu Mildred Trotter anayesa zimenezi mu 1928 ndipo anapeza kuti kumeta sikusintha kakulidwe, kunenepa kapena mtundu wa tsitsi. Limangomveka lolimba chifukwa nsonga yake yofewa yadulidwa. Wa Fomu 1 amene akupala chibwano chopanda kanthu akungodzivulaza.

Lumo pa moyo wa Msilamu

Wina angafunse kuti phunziro la kumeta likutani m'kalata ya sukulu ya Chisilamu, pamene Mtumiki (SAW) anatilamula kusunga ndevu ndi kupungula za pamwamba pa mlomo. Phunziroli silikulimbikitsa aliyense kumeta ndevu, ndipo malamulo a nkhani imeneyo amatiphunzitsa ndi masheikh athu. Koma lumo lili ndi ntchito zambiri pa moyo wa Msilamu, wamwamuna ndi wamkazi yemwe.

Mwa zinthu za fitra zimene zili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli kumeta tsitsi la pachinena, kuchotsa la m'khwapa, kuwenga zikhadabo ndi kupungula ndevu za pamwamba pa mlomo. Anas bin Malik (RA) anafotokoza kuti anawaikira malire akuti zimenezi zisapitirire masiku 40. Mwana akabadwa, ndi sunnah kumumeta mutu tsiku la 7 pa aqiqah, n'kupereka sadaka ya siliva wolemera ngati tsitsilo. Pa Hajj ndi Umrah amuna amameta mpala kapena kupungula, ndipo kumeta mpala ndiko kuli ndi ubwino woposa, pamene amayi amangodulako nsonga ya tsitsi. Mtumiki (SAW) analetsanso qaza', kumeta mbali ina ya mutu n'kusiya ina, zimene anyamata athu azikumbukire akakhala pa mpando wa wometa.

Onani kuti malo ambiri amene tatchulawa ndi a khungu lofewa: m'khwapa, pachinena, mutu wa khanda la sabata imodzi. Pamalo otere chofunika ndi lezala latsopano, dzanja lopepuka ndi kudekha. Chometera chaukali, chopendekeka kapena cha mpata waukulu, si choyambira kuphunzirira, ndipo sichiyenera kufika pa mutu wa khanda. Cholinga cha twahara ndi ukhondo, osati kupala khungu mpaka magazi.

Lezala limodzi, munthu mmodzi

Mfundo iyi ndi yofunika kuposa zonse zimene talemba pamwambapa. Kumeta kulikonse kumasiya timabala tosaoneka ndi maso, ndipo pa lezala pamatsala magazi ochepa. Kachilombo ka matenda a chiwindi a Hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kuposerapo, ngakhale magaziwo atauma, ndipo kamafala mosavuta kuposa HIV. Munthu angakhale nako zaka zambiri osadziwa, chiwindi chikuwonongeka. Hepatitis C ndi HIV nazo zimayenda m'magazi. Kutsuka lezala ndi madzi kapena kulipukuta pa thalauza sikupha tizilomboti. N'chifukwa chake akuluakulu a zaumoyo ku Saudi Arabia amachenjeza mahaji kuti azimetetsa kwa ometa ovomerezeka okha, ndi lezala latsopano kwa munthu aliyense.

Ku Malawi katemera wa Hepatitis B analowa pa ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002. Makolo ambiri anabadwa chaka chimenecho chisanafike, choncho ndi bwino kukafunsa kuchipatala za kuyezetsa ndi katemera.

Ndikudziwa mmene zimakhalira ku hositelo Lachinayi madzulo, aliyense akukonzekera Jumu'ah: lezala limodzi limazungulira chipinda chonse, wina kuwengera zikhadabo, wina kumetera, wina kusongolera pensulo. Kubwerekana ndi khalidwe labwino pa buku, sopo wochapira ndi kalikuleta. Pa lezala ayi. Kukaniza mnzako lezala lako ndi kumuteteza. Kumalo ometera, onetsetsani kuti lezala alitsegula mu pepala lake inu mukuona, ndiponso kuti mashini awatsuka ndi sipiriti, chifukwa zipere za m'mutu zimayenda pa mashini osatsuka.

Makolo, mukamalongedza katundu wa mwana wopita kusukulu, muikemo malezala akeake ndi chowengera zikhadabo. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi matenda a chiwindi. Komiti ya mzikiti tikuipempha itithandize kuika chitini chotseka, choboola kampata pamwamba, pa bafa iliyonse ya kusukulu ndi ya kumzikiti, choponyamo malezala otha ntchito. Lezala lotayidwa kudzala amalitola ndi ana a ku madrassah kuti asongolere mapensulo.

Kwa amene ali nacho chopendekeka

Nyowetsani tsitsi ndi madzi ofunda, pakani sopo wokwanira, ndipo dikirani mphindi zitatu. Mukaika lezala, yang'anani kuti latulukira mofanana mbali zonse musanamange. Musakanikize, kulemera kwa chometeracho n'kokwanira. Kokani mowongoka, pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu nthawi imodzi, n'kutsuka. Musachiyendetse chammbali, chifukwa chikucheka kale pachokha ndipo mukawonjezera chidzacheka khungu. Lezala likayamba kukoka, lisintheni. Mukamaliza, tsukani, umitsani, sungani pamene ana sangafikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito ya ophunzira

Yoyamba ichitidwe m'kalasi pamaso pa mphunzitsi, ndi mpeni wa patebulo, osati lezala. Semani sopo wa mtanda kuti mbali imodzi ikhale yotsetsereka ngati kukamwa kwa chizulo. Mudule kamodzi mopingasa molunjika, kenako mudulenso mopendekeka madigiri 45. Dindani nkhope zonse ziwiri pa pepala, jambulani m'mphepete, yezani ngodya ndi protractor. Kodi zimene mwapeza zikugwirizana ndi lamulo la tan ndi cos?

Yachiwiri: chometera chapendekeka madigiri 20, ndipo dzanja latsika 15 mm. Pezani gawo la kukankha ndi gawo la kucheka.

Yachitatu: chizulo cha madigiri 16 chapendeketsedwa madigiri 60. Pezani ngodya yatsopano.

Yachinayi: lezala labuntha, ndipo kukamwa kwake kwakula kuchoka pa 0.001 mm kufika pa 0.004 mm. Mphamvu ichuluke kangati kuti pressure ikhale monga kale? Fotokozani chifukwa chake anthu amadzicheka kwambiri ndi lezala lobuntha.

Yachisanu: m'mawu anuanu osapitirira 100, lembani zimene mungamuyankhe mnzanu wapamtima amene wakupemphani lezala lanu, mosamunyoza.

Mayankho aperekedwe kwa mphunzitsi wa sayansi wa kalasi yanu sabata ya mawa isanathe, ndipo atatu olembedwa bwino adzasindikizidwa m'kalata yotsatira, Insha Allah. Mnyamata uja anabweza chometera kwa bambo ake chili chokhota monga anachipezera, ndipo wandilonjeza kuti funso lachitatu ayamba ndi iye kuliyankha.

Allah atiwonjezere maphunziro opindulitsa ndi kutisungira thanzi lathu. Wassalamu alaikum warahmatullah.